Ndikufuna kupanga bolodi langalanga, koma tizipangizo ta SMD tandizunguza mutu

Kachipangizo
Moni nonse a m'gulu. Kwa nthawi ndithu ndakhala ndikulumikiza zinthu pa breadboard: ma LED, timer ya 555, masensa a Arduino. Tsopano ndikufuna bolodi lenileni, loti mawaya asamazuke ndikangoligwedeza. Vuto ndi lakuti machip ambiri amene ndikuwafuna alibe miyendo yolowa m'mabowo, alipo a SMD okhaokha, owotcherera pamwamba pa bolodi. Ndinapeza ma resistor a 0603 kuti ndiyeserere pa bolodi lakale, koma zikukanika. Kachinthuko kamakakamira kunsonga ya iron, solder amangobulungana osafalikira pa pad (kachigamba ka kopa kowotchererapo), ndipo ndikachedwa pang'ono pad yeniyeniyo imamatuka. Iron yanga ndi ija yongolowetsa ku soketi, yansonga yosongoka. Kodi ntchito imeneyi imatheka ndi manja, kapena mpaka makina? Ndiyambire pati?

WayaWofiira
Imatheka bwinobwino. Flux mukuthira?

Kachipangizo
Ayi. Ndimaona ngati amene ali m'kati mwa waya wa solder akukwanira.

WayaWofiira
Vuto lanu lagona pamenepo.

MayiOhm
A Kachipangizo, takulandirani. A WayaWofiira anena zoona, koma ndiwonjezere chifukwa chake kuti muzimvetsa zimene zikuchitika pansi pa iron yanu.

Kopa akakhala pamphepo amachita kadzimbiri kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo akatenthedwa kamabwera msanga kwambiri. Solder sagwira pa kadzimbiri kameneka, n'chifukwa chake amabulungana. Ntchito ya flux ndi kuchotsa kadzimbiriko ndi kutchinga mpweya pamene chitsulo chili chotentha. Flux wa m'kati mwa waya ndi wochepa, amapsa m'masekondi owerengeka. Ngati mumasungunula solder kunsonga kenako n'kumunyamula kupita naye pa pad, pofika kumeneko flux watha kale, watuluka ndi utsi uja mumauona. Pezani flux wapadera, wa gel wa m'jekeseni kapena wa cholembera, wolembedwa rosin kapena no-clean.

Kachitidwe kake ndi aka. Ikani solder pang'ono pa pad imodzi yokha, inayo isiyeni. Gwirani resistor ndi tweezers, sungunulani solder uja, kankhirani resistor m'menemo, chotsani iron, ndipo tweezers musaisiye mpaka solder atauma. Tsopano kachinthuko kakhazikika, sikangathawe. Wotcherani mbali yachiwiri mwachizolowezi: iron igunde pad ndi resistor nthawi imodzi, solder abwere pambuyo. Mukatero bwererani ku mbali yoyamba, pakani flux, gundani kamodzi kuti pasalale. Mbali iliyonse isapitirire masekondi awiri kapena atatu. Pad imamatuka chifukwa guluu amene amagwira kopa pa bolodi amafooka mukatenthetsa nthawi yaitali uku mukukanikiza.

China, 0603 ndi yaing'ono kwa woyamba kumene. Ndi mamilimita 1.6 kwa 0.8. Yambani ndi 1206, imene ili 3.2 kwa 1.6, kapena 0805, imene ili 2.0 kwa 1.25. Dzanja likazolowera mudzatsika nokha.

GogoTransistor
Ine ndikuona mosiyana, ana anga. Munthu amene sanapangepo bolodi ngakhale limodzi ayambe ndi za miyendo yolowa m'mabowo. Miyendo ya machip otere, otchedwa DIP, imatalikirana mamilimita 2.54, maso amaona bwino, zala zimagwira bwino. NE555 inatuluka mu 1972 ndipo mpaka lero ya DIP-8 ikupangidwa. ATmega328P ya Arduino Uno iliponso ya DIP ya miyendo 28. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzire kaye mmene mfundo yabwino ya solder imaonekera pa chinthu chachikulu, za tweezers zibwere pambuyo.

Nyenyezi555
Pepani agogo, apa sindikugwirizana nanu. SMD ya 0805 ndi yosavuta kuposa ya m'mabowo. Simutembenuza bolodi, simupinda miyendo, simudula zotsala, zinthu sizigwa pansi mukatembenuza. Ndipo pochotsa ndiye kusiyana kumaonekera. Yesani kuzula chip ya DIP ya miyendo 28 pa bolodi la mbali ziwiri osawononga mabowo. Resistor ya SMD mumangotenthetsa mbali zonse ziwiri n'kuikankhira pambali, basi.

GogoTransistor
Maso anu akadali akuthwa, n'chifukwa chake mukutero.

Nyenyezi555
Magalasi okulitsa zinthu alipo agogo, ovala kumutu aja. Ndi nyali yowala bwino. Anthu ambiri amene amati dzanja lawo limanjenjemera, vuto lenileni limakhala kusaona. Mukaona bwino, dzanja limadekha lokha. Komanso tsamiritsani mkono patebulo, osaugwira m'malere.

Chiphaliwali_X
Palibe wanenapo za iron. Iron yongolowetsa ku soketi ilibe choletsa kutentha, imangokwera mpaka nsonga kuda bii, ndipo nsonga yakuda siipereka kutentha. Pezani yoti mungathe kuikira madigiri. Siyofunika yapamwamba. Pinecil, TS100 kapena za nsonga za T12 zimagwira ntchito imeneyi bwino, chifukwa chotenthetsa ndi sensa zili m'kati mwa nsonga momwemo, zimabwezera kutentha msanga.

Ndipo nsonga yosongoka ija ichotseni. Ambiri amaganiza kuti kachinthu kakang'ono kamafuna nsonga yosongoka, koma kutentha kumadutsa pamene zitsulo ziwiri zagundana, ndipo kansonga kosongoka kamagunda malo ochepetsetsa. Ndiye mumadikira, mumakanikiza, pad n'kumatuka. Nsonga yaphwatalala ya chisel, ya mamilimita 1.6 mpaka 2.4, imachita pafupifupi zonse. Muziisiya ili ndi solder pang'ono mukamazimitsa kuti isachite dzimbiri, ndipo musaipale ndi sandpaper kapena fayilo, mudzachotsa chitsulo chokutira chimene chimateteza kopa wa m'kati.

Kachipangizo
Zikomo kwambiri nonse. Madigiri angati? Ndipo solder ndigule wamtundu wanji? Ndikuona manambala 60/40, 63/37, ena alembedwa lead-free.

MayiOhm
Manambalawo ndi muyeso wa tini ndi mtovu. Wa 63/37 amasungunuka pa madigiri 183 a Celsius ndipo amauma nthawi imodzi. Wa 60/40 amakhala kaye phalaphala kwa kanthawi asanaume, ndiye dzanja likagwedezeka panthawiyo mfundo imatuluka yokhakhala. Wopanda mtovu wotchuka ndi SAC305, wa tini, siliva ndi kopa, amene amasungunuka cha pa 217 mpaka 220. Iron ikani cha pa 320 mpaka 350 kwa wa mtovu, ndi 350 mpaka 380 kwa wopanda mtovu. Waya wake ukhale wopyapyala, wa mamilimita 0.5 kapena kuchepera, kuti musamathire wambiri mwangozi.

Kadzidzi88
Musamulimbikitse mtovu munthu woyamba kumene. Mtovu ndi poizoni, umawononga ubongo makamaka wa ana, ndipo thupi silimauchotsa msanga. Mayiko a European Union anauletsa m'zipangizo zambiri zamagetsi kuyambira mu July 2006 kudzera m'lamulo la RoHS, ndipo sanachite zimenezo mwamasewera. Aphunzire ndi wopanda mtovu kuyambira pachiyambi, dzanja lizolowere zimenezo.

Chiphaliwali_X
Kuti mtovu ndi woopsa palibe akukana. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri. Utsi umene umatuluka powotcherera si mtovu, ndi flux. Mtovu umawira pa madigiri oposa 1,700, iron yanu siifikako ngakhale pang'ono. Mtovu umalowa m'thupi kudzera m'manja ndi mkamwa: mwagwira waya, mwagwira chakudya. Tizidutswa timene timagwa patebulo ndi m'chopukutira nsonga ndito toopsa. Ndiye sambani m'manja mukamaliza, musadyere patebulo limenelo, sesani, ndipo ana asamasewerepo.

Utsi wa flux uli ndi vuto lakelake. Wa rosin umadziwika kuti umayambitsa mphumu kwa anthu amene amaupuma kawirikawiri. Ndipo solder wopanda mtovu sakupulumutsani ku zimenezi, chifukwa amafuna kutentha kwambiri, flux n'kumapsa wambiri. Fani yokoka utsi kuchoka kumaso ndi zenera lotsegula n'zofunika pa mitundu yonse iwiri.

Kadzidzi88
Za utsi ndavomera. Koma ngati m'nyumba muli mwana wokwawa, ine mtovu sindingaulowetse, ngakhale mutanena zotani.

MayiOhm
Pamenepo ndili nanu a Kadzidzi. Wopanda mtovu amatheka ndithu ndi iron yabwino ndi flux wokwanira. Kungoti mfundo yake imatuluka yosawala kwenikweni, ndiye woyamba asaganize kuti walakwitsa. Chenjezo limodzi: flux wa okonza mapaipi a madzi musamuyandikize pa bolodi. Ali ndi asidi wamphamvu, amadya kopa pang'onopang'ono mpaka njira kuduka patapita miyezi.

Mbaula_2A
Nanga bolodi lenilenilo mupanga bwanji a Kachipangizo? Ine ndimapanga ndekha. Ndimasindikiza chithunzi cha njira ndi pulinta ya laser pa pepala losalala, ndimalimata pa kopa ndi simbi yotentha, ndimaviika m'madzi mpaka pepala kufewa n'kuchoka, toner n'kutsala pa kopa. Kenako ndimaviika mu ferric chloride, amene amadya kopa yense wosaphimbidwa. Kuona njira zako zikutuluka m'madzi akuda aja kumakoma zedi. Pulinta ya inki siigwira, ikhale ya laser, ndipo chithunzi cha mbali ya pamwamba muchitembenuze musanasindikize.

Nyenyezi555
Njira imeneyo ndimailemekeza, koma si ya woyamba SMD. Bolodi lopanga nokha lilibe solder mask, utoto wobiriwira uja umene umaletsa solder kudumphira pa njira yoyandikana. Lilibenso mabowo okutidwa ndi kopa m'kati, ndiye via iliyonse, bowo lolumikiza njira za mbali ziwiri za bolodi, muyenera kulowetsamo kawaya ndi kuwotcherera mbali zonse ziwiri. Munthu akulimbana kale ndi tweezers, timuwonjezerenso mashoti? Atumize mafayilo a Gerber, osonyeza mmene bolodi lipangidwire, ku fakitale, alandire mabolodi okhala ndi mask ndi zilembo zosonyeza malo a chilichonse.

Mbaula_2A
N'kudikira milungu kuti muone ngati mwalakwitsa njira imodzi? Ine ndikaganiza m'mawa, madzulo bolodi lili m'manja. Ndipo SMD imandithandiza kwambiri chifukwa sindiboola mabowo. FR-4, imene amapangira bolodi, ili ndi ulusi wa galasi, imabunthitsa zoboolera wamba msanga, ndipo fumbi lake si loti muzipuma.

Nyenyezi555
Za changu mwawina. Koma madzi otsala aja mumawataya kuti?

Mbaula_2A
Sinditaya m'sinki kapena m'ngalande. Madziwo amakhala odzaza ndi kopa wosungunuka amene amapha nsomba ndi tizamoyo ta m'madzi, komanso amadya mapaipi achitsulo. Ndimawasunga m'botolo la pulasitiki lolembedwa bwino, ndimawagwiritsanso ntchito mpaka atafooka, kenako amapita kotayira mankhwala oopsa. Chotengera chikhale cha pulasitiki kapena galasi, osati aluminiyamu. Magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo banga lake pa chovala silichoka.

GogoTransistor
Mukundikumbutsa kale. Ife njira tinkajambula ndi cholembera chosafufutika mwachindunji pa kopa. Ndipo dziwani kuti ntchito imeneyi ndi yakale kuposa tonse tili muno. Paul Eisler, wobadwira ku Vienna, anapanga wailesi ya bolodi losindikiza ku England cha m'ma 1936. Iye ankadziwa ntchito yosindikiza mabuku, ndi kumene anatenga nzeru yake.

Kadzidzi88
Agogo, wailesi za mavalavu munazikonzapo? Ndili ndi ina imene imangolira hmmm.

GogoTransistor
Ambiri mwa mavuto otero ndi ma capacitor akuluakulu a mbali ya magetsi amene auma. Koma samalani, m'menemo mumakhala mavoti mazanamazana, ndipo capacitor imasunga moto ngakhale mutazimitsa.

Mlonda_wa_Gulu
Abale, nkhani ya mavalavu ndi yabwino koma itsegulireni mutu wakewake. Tibwerere kwa a Kachipangizo.

Kachipangizo
Ndasankha kutumiza ku fakitale poyamba, za ferric chloride ndidzayesa m'tsogolo. Pulogalamu yojambulira ndigwiritse iti? Ndikufuna kabolodi ka ATmega328P, regulator, ma LED angapo ndi USB-C yolandirira magetsi.

Jenereta_Wamng'ono
KiCad. Ndi yaulere, ilibe malire a kukula kwa bolodi, imayenda pa Windows, Linux ndi macOS. Anaiyamba Jean-Pierre Charras ku France mu 1992, ndipo akatswiri a ku CERN, malo ofufuzira za sayansi a kufupi ndi Geneva, anadzathandiza kuikulitsa. Ndikupatseni zimene ndimaona zikugwetsa anthu pa bolodi loyamba.

Chachikulu ndi footprint, kaikidwe ka mapad a chinthu pa bolodi. Chizindikiro cha pa schematic, chithunzi cha kalumikizidwe ka zinthu, chikhoza kukhala cholondola koma mapad a pa bolodi osagwirizana ndi chinthu chimene mwagula. Musanatumize, sindikizani bolodi lanu pa pepala pa muyeso wa 1:1, ikani tizipangizo tenitenito pamwamba pake, muone ngati miyendo ikugwera pa mapad. Onaninso datasheet mwendo ndi mwendo. Ma regulator ndi ma transistor a thupi lofanana samakhala ndi miyendo yofanana. Chitsanzo, AMS1117 ya SOT-223: chitsulo chachikulu chakumbuyo chija ndi chotulutsira magetsi, si GND (mbali ya mavoti 0). Mukachilumikiza ku GND poganiza kuti ndi chongozizira, mwapanga shoti.

Mu KiCad sankhani ma footprint olembedwa HandSolder, mapad ake ndi otalikirapo, iron imapeza poponda. Samalaninso ndi manambala: 0603 ya mainchi ndi imene ili 1608 m'mamilimita, koma palinso 0603 ya mamilimita, imene ndi kachinthu ka 0.6 kwa 0.3. Mukaitanitsa molakwika mudzalandira fumbi.

Pa USB-C ikani resistor ya 5.1k kuchokera pa mwendo wa CC1 kupita ku GND, ndi ina yakeyake pa CC2. Popanda zimenezi chaja ya C-to-C siitulutsa mavoti 5, ndipo mudzafufuza vuto pamene palibe. Capacitor ya 100 nF ikhale pafupi kwambiri ndi mwendo uliwonse wa magetsi wa chip. Ikani mapad oyezerapo pa 5V, GND ndi reset, ndipo musaiwale header ya ISP yolowetsera pulogalamu. Pomaliza yendetsani DRC, imene imafufuza zolakwika pa bolodi lojambulidwa, ndipo mafayilo a Gerber muwatsegule ndi gerber viewer muone ndi maso anu musanatumize. Zotsalazo siyani momwe zilili: FR-4 ya mamilimita 1.6, mbali ziwiri, kopa wa 1 oz, amene ndi ma micron 35.

Kachipangizo
ATmega ya SMD ili ndi miyendo 32 mbali zonse zinayi. Imeneyo ndingaithe ndi iron? Ndikuona ngati miyendoyo yathithikana kwambiri.

WayaWofiira
TQFP-32, miyendo yotalikirana 0.8. Ndi chip yabwino yophunzirira. Simuwotcherera mwendo umodziumodzi. Ikani chip pamalo pake, onetsetsani kadontho ka mwendo woyamba, gwirizitsani mwendo umodzi wa pakona. Yang'anani mbali zonse zinayi ndi galasi. Ngati yapendekeka, sungunulani mwendo womwewo n'kuwongola, pano n'zosavuta. Ikakhala bwino gwirizitsani wa kona yopingasa nayo. Kenako pakani flux wambiri pa mzere wonse, ikani kadontho ka solder kunsonga, ndipo kokani nsongayo pang'onopang'ono kudutsa kumapazi a miyendo. Solder amadzikokera yekha pa chitsulo n'kuthawa pa mask. Mudzadabwa.

Miyendo iwiri kapena itatu yakumapeto imakonda kugwirana. Musachite mantha. Pukutani nsonga, onjezani flux, gundani n'kukokera kunja. Zikakana, ikani solder wick, kaluko ka kopa kaja, pamwamba pake n'kutenthetsa. Pochotsa, wick ndi iron zinyamuke limodzi. Mukachotsa iron yokha wick imamatirira, ndipo mukaikoka imabwera ndi pad.

Nyenyezi555
Muyambe ndi chip, kenako tating'onoting'ono, zazitali monga ma connector pomaliza. Mukayamba ndi zazitali zimatchinga iron.

MayiOhm
Ndiwonjezere za zizindikiro, chifukwa apa pamapsa zinthu. Pa diode, mzere umasonyeza cathode. Pa capacitor ya aluminiyamu yachitini, mbali yopakidwa yakuda ndi negative. Koma pa capacitor ya tantalum mzere umasonyeza positive. Tantalum yoikidwa chagada ikhoza kuphulika n'kuyaka moto. Ma LED a SMD zizindikiro zake zimasiyana malinga ndi wopanga, choncho yezani ndi multimeter pa diode test musanawotchere, imayaka pang'ono ikakhala molondola.

Ma resistor amalembedwa: 103 ndi 10 ndi maziro atatu, kutanthauza 10k, 472 ndi 4.7k, 4R7 ndi ma ohm 4.7, ya manambala anayi monga 1002 ndi 10k. Koma ma capacitor a ceramic salembedwa kanthu. Ya 22 pF ndi ya 100 nF zikasakanikirana patebulo simungazisiyanitse bwinobwino ndi maso. Tulutsani mtundu umodzi pa tepi yake, wotcherani onse a mtunduwo, kenako tsegulani wina. Ndipo tweezers musafinye mwamphamvu, kachinthuko kamauluka ndipo simudzakapezanso. Muziitanitsa zochulukirapo.

Kachipangizo
Ndabweranso. Mabolodi afika, iron yatsopano ndi flux ndapeza. Ma 0805 akukhala bwino kwambiri, ndipo TQFP yatheka monga munanenera a WayaWofiira. Koma pali chodabwitsa. Capacitor iliyonse mbali imodzi ikugwira msanga, mbali ya GND solder akukana kusungunuka, amangokhala chibulumwa. Miyendo ya chitsulo ya USB-C ndiye yakaniratu. Iron ili pa 330.

Chiphaliwali_X
Kodi munadzaza kopa wa GND pa bolodi lonse?

Kachipangizo
Eya, mbali zonse ziwiri.

Chiphaliwali_X
Ndiye kopa ameneyo akumwa kutentha konse. Kopa amayendetsa kutentha msanga kwambiri, iron ikupereka, bolodi likumwaza. Yang'anani pad ya GND ndi galasi. Ngati yalumikizidwa ndi timizere tinayi topyapyala, imeneyo ndi thermal relief ndipo ili bwino. Ngati yamira m'kopa mbali zonse, pa bolodi lotsatira sinthani pa zone settings. Pa lomwe muli naloli, ikani nsonga yokulirapo, yophwatalala, ikani kadontho ka solder pakati pa nsonga ndi pad kuti kutentha kudutse, ndipo kwezani madigiri pang'ono, cha pa 360. Musathamangire 450, mudzangowotcha flux ndi kudetsa nsonga. Ngati muli ndi hot air, funditsani kaye bolodi lonse pang'ono musanagunde ndi iron.

Mbaula_2A
Apa ndi pamene ndimati siyani iron, pitani ku paste. Mukaitanitsa mabolodi itanitsaninso stencil, chitsulo chopyapyala cha mabowo ogwirizana ndi mapad. Mumapaka solder paste, solder wa phalaphala, kudzera pa stencil ndi kakhadi, mumaika tizipangizo tonse, mumaika bolodi pa hot plate, ndipo mumaona paste wotuwa uja akusanduka wonyezimira, tizipangizo tikudzikoka tokha kukhala pakati pa mapad. Bolodi lonse nthawi imodzi, za GND osazimva n'komwe.

GogoTransistor
Munthu wangophunzira kumene iron, mwayamba kale kumugulitsa zida zina.

Jenereta_Wamng'ono
Paste ndi wabwino koma ali ndi malamulo ake. Amasungidwa mozizira, m'chotengera chotseka bwino kutali ndi chakudya, ndipo musanatsegule mumusiye afunde kaye kuti asachite chinyezi. Kutentha kukwere pang'onopang'ono, osati kuponya bolodi pa mbale yotentha kale, apo ayi paste amathetheka n'kumwaza timipira ta solder paliponse. Palinso tombstoning: mbali imodzi ikasungunuka isanafike inzake, imakoka resistor n'kuiimiritsa chilili. Ndipo chimene chimachititsa kawirikawiri ndi chomwechi cha a Kachipangizo, pad imodzi yomira m'kopa wambiri. Ndiye thermal relief ndi yofunikabe a Mbaula. Uvuni kapena mbale imene mwawotcherapo bolodi isadzagwirenso ntchito yophikira.

Kadzidzi88
Pali paste wa bismuth, Sn42Bi58, amasungunuka pa madigiri 138 okha. Ndi wosavuta pa hot plate ndipo alibe mtovu.

Jenereta_Wamng'ono
Zoona, koma ndi wosachedwa kuthyoka, pa connector yokokedwakokedwa sindingamuike. Ndipo asakumane ndi mtovu. Bismuth, tini ndi mtovu zikasakanikirana zimapanga chitsulo chosungunuka pansi pa madigiri 100. Ngati bolodi lanu ndi la HASL ya mtovu, kutanthauza kuti mapad anakutidwa ndi solder wa mtovu ku fakitale, paste ameneyu ayi. Sankhani HASL yopanda mtovu kapena ENIG, yagolide ija, imenenso ndi yosalala bwino kwa machip a miyendo yothithikana.

Kachipangizo
Nsonga yaikulu yathetsa vuto, USB-C yagwira. Ndatsuka flux ndi isopropyl alcohol ndi kaburashi. Ndilumikize ku chaja tsopano?

MayiOhm
Dikirani kaye. Ikani multimeter pa continuity, yezani pakati pa 5V ndi GND. Ikalira pang'ono n'kusiya, ndi ma capacitor akudzaza, palibe vuto. Ikalira osaleka, pali shoti, musalumikize. Yang'ananinso miyendo ya chip ndi galasi mutapendeketsa bolodi ku nyali, ndipo kankhani mwendo uliwonse pang'ono ndi nsonga ya tweezers. Umene ukugwedezeka sunagwire ngakhale ukuoneka bwino pamwamba. Ngati muli ndi power supply yoikira malire a current, yambani ndi 50 mA. Bolodi ngati lanu lisanalowetsedwe pulogalamu siliyenera kufika pamenepo. Mavoti akagwa, zimitsani, fufuzani chimene chikutentha. Dontho la isopropyl limauma msanga pa chinthu chotenthacho, limakulozerani lokha. Ku USB ya kompyuta yanu musayesereko bolodi latsopano.

Kachipangizo
Palibe shoti, regulator ikutulutsa bwino, ndipo LED ikuphethira nditalowetsa pulogalamu kudzera pa ISP. Zikomo a MayiOhm, a Chiphaliwali ndi nonse. Lotsatira ndikuganiza za RP2040, chip ya pa Raspberry Pi Pico. Imeneyonso ndingakoke ndi iron?

WayaWofiira
Ayi, imeneyo ndi nkhani ina. RP2040 ndi QFN-56, mamilimita 7 kwa 7, mapad otalikirana 0.4, ilibe miyendo yotuluka kunja, ndipo pansi pake pali pad yaikulu imene ndiyo GND yake. Iron siingafike pansipo. Imafuna paste ndi hot air kapena hot plate. Imafunanso chip ya flash yapadera ndi crystal, ndiye kujambula kwake nako n'kovutirapo.

Nyenyezi555
Kapena ikani Raspberry Pi Pico yathunthu pamwamba pa bolodi lanu. M'mphepete mwake muli timabowo todulidwa pakati totalikirana 2.54, mumawotcherera ndi iron yomweyo. QFN muiyesere kaye pa mabolodi akufa, kuchotsa ndi kubwezera, musanaike yanu yatsopano.

Mbaula_2A
Ena amaika bowo lalikulu lokutidwa ndi kopa pakati pa pad ya pansiyo, n'kuwotcherera kuchokera kumbuyo kwa bolodi ndi iron. Ndinaionapo ikugwira.

Jenereta_Wamng'ono
Imagwira pa QFN ya mapad otalikirana 0.5 ngati mwatalikitsa mapad kunja kuti nsonga ipeze pogunda. Pa 0.4 ine ndingaitanitse stencil. A Kachipangizo, mukajambula schematic ya RP2040 muitumize muno tisanafike pa layout, makamaka mbali ya crystal ndi ma capacitor a 1.1V, tiione limodzi.